Kodi nkhani zopeka zoopsa zinachokera kuti?

Mphunzitsi wina wakusekondale wanditumizira imelo. Akufunsa kuti mabuku ochititsa mantha, amene pa Chingerezi amati horror, anayamba liti, ndipo akusiyana pati ndi nthano za mizukwa zimene agogo ankasimba madzulo.

Aphunzitsi, nkhani za mizukwa zokha n'zakalekale. Cha m'ma 100 AD, Mroma wina dzina lake Pliny analemba kalata yofotokoza za nyumba ina ku Athens momwe usiku munkamveka maunyolo. Anthu atakumba pabwalo anapeza mafupa omangidwa unyolo, anawaika m'manda mwaulemu, mzukwawo n'kusiya kuvutitsa. Mofanana ndi nthano zathu zambiri, womverayo ankaganiza kuti mwina zinachitikadi, ndipo mzukwa unali ndi chidandaulo chomveka.

Mtundu wa zolembalemba umene mukufunsawu unabadwa pamene olemba anayamba kumanga mantha dala, kumangira munthu wowerenga yekha amene akudziwa kuti nkhaniyo ndi yopeka. Ambiri amayambira mu 1764, pamene Horace Walpole anatulutsa The Castle of Otranto ku England. Poyamba ananamizira kuti wangomasulira buku lakale la ku Italy. Litayamba kugulidwa, mu 1765 anavomera kuti ndi lake n'kulitcha nkhani ya Gothic. Zida zake ndi zomwe zikugwirabe ntchito lero: nyumba yakale ya malinga, njira zapansi, tchimo la makolo lobwerera ana, ndi mtsikana wothawa mumdima.

Pamene ndikufuna muyang'anitsitse ndi pa Ann Radcliffe, mlembi wa ku England, chifukwa ndiye anasiyanitsa mantha awiri. Ena ndi nthumanzi, pamene chinthucho sunachione koma mtima uli phaphapha. Ena ndi aja oumitsa thupi, chonyansacho chili pamaso pako. Iye ankakonda oyambawo. Mu The Mysteries of Udolpho, la mu 1794, mtsikana akuvundukula nsalu yakuda, akuona chinthu, n'kukomoka. Wowerenga sauzidwa chimene waona mpaka kumapeto kwenikweni, kumene zikudziwika kuti chinali chifanizo cha phula chooneka ngati mtembo wowola. Kubisako n'kumene kumagwira mtima, koma yankholo linakhumudwitsa owerenga ambiri. Ukakoka munthu masamba mazanamazana kenako n'kumuuza kuti panalibe kanthu, amamva ngati wamubera. Matthew Lewis, mu The Monk la mu 1796, anadzera njira inayo, kuonetsa zonse poyera, mpaka anakakamizika kuchotsamo zina posindikizanso. Vuto la njira imeneyi ndi lakuti maso amazolowera, mtembo wachitatu suopsanso ngati woyamba.

Mu 1816 ku Ulaya kunali mvula ndi chisanu chosayembekezereka chifukwa phiri la Tambora ku Indonesia linali litaphulika chaka chapitacho. Mlakatuli wa ku England Lord Byron ndi alendo ake, atabindikira m'nyumba pafupi ndi nyanja ya Geneva ku Switzerland, anapangana kuti aliyense alembe nkhani ya mzukwa. Mary Shelley anatulukamo ndi Frankenstein la mu 1818, momwe choopsacho chapangidwa ndi manja a munthu wa sayansi. John Polidori analemba The Vampyre la mu 1819, woyamwa magazi wake ali bwana waulemu wake. Pambuyo pake Edgar Allan Poe ku America analowetsa manthawo m'mutu mwa wosimba nkhani mwiniwake, wakupha amene akulumbira kuti si wamisala.

Ana anu akamalemba zawo, auzeni ayambe ndi malo odziwika bwino, kaya chigayo kaya chipinda chogona kusukulu, asokonezepo chinthu chimodzi chokha. Phokoso libwere choopsacho chisanaoneke. Bram Stoker analemba Dracula la mu 1897 ngati makalata ndi madayale, kuti wowerenga amve ngati akusanthula umboni. Mwana angachite chimodzimodzi ndi mauthenga apafoni, womaliza n'kukhala wosayankhidwa.