Kodi dzuwa la ku Ngabu limakankha malata?

Mnyamata wina wa Fomu 4 ku Ngabu wandilembera pa imelo kuti: "Aphunzitsi anati momentum timaipeza pochulukitsa mass ndi liwiro. Kuwala kulibe mass. Nanga bwanji ndamva kuti kuwala kumakankha zinthu?"

Achimwene, aphunzitsi sanakunamizeni. Mass ndi kuchuluka kwa zomwe zapanga chinthu, ndipo momentum ndi muyeso wa kuyenda kumene chinthu chanyamula, komwe chimapatsira chinzake chikachigunda. Samu imeneyo imagwira bwino pa ngolo, pa kabaza, pa lole yonyamula nzimbe ku Nchalo. Koma kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo pa liwiro lotere samuyo imaperewera. Lamulo lathunthu la relativity, sayansi ya Albert Einstein yomwe imagwira ngakhale pa liwiro lotere, ndi ili: E² = (pc)² + (mc²)². E ndi mphamvu, p ndi momentum, m ndi mass, c ndi liwiro la kuwala. Mukaika ziro pa m, p sathera pomwepo; mumatsala ndi p = E/c. Kuwala kukanyamula mphamvu, kwanyamulanso momentum.

Taimani pakhomo masana a mu Okutobala, nthawi ija malata amachita kuthetheka ndipo mbuzi zonse zabisala pansi pa nkhokwe. Kachigawo ka denga kotalika mita imodzi mbali zonse kamalandira mawati pafupifupi 1,000. Tikagawa ndi c, kukankhako sikufika ngakhale pa kulemera kwa udzudzu umodzi. N'chifukwa chake kutentha mumakumva koma kukankha ayi. Malata atsopano onyezimira amakankhidwa kuposa akale akuda, popeza kuwala kobwezedwa kumakankha kawiri, pofika ndi pobwerera.

Chimene chimandikoka mtima ine ndi mmene kukankhako kumachitikira. Kuwala ndi mafunde a mbali ziwiri, ya magetsi ndi ya maginito. Mbali ya magetsi imagwedeza uku ndi uku maelekitironi, tizinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi m'chitsulo. Akangoyamba kuyenda, mbali ya maginito imawakankhira kumene kuwalako kukulowera. James Clerk Maxwell anazipeza pa pepala mu 1873, ndipo Pyotr Lebedev anadzaziyeza ku Moscow cha mu 1900.

Einstein mu 1905 anayamba nkhani yake ya relativity ndi maginito ndi waya, zomwe zili mu dayinamo ya njinga. Kaya mukuyendetsa maginito kaya waya, magetsi amatuluka chimodzimodzi, chikhala amene akuyenda limodzi ndi waya amati wakankha maelekitironi ndi mbali ya magetsi, pomwe amene ali ndi maginito amati ndi ya maginito. Mphamvu ndi momentum nazo zimatero: woima ndi wothamanga amapeza manambala osiyana, koma onse amagwirizana ndi lamulo lija.

Mumlengalenga, kopanda mphepo yosokoneza, kukankha kochepaku kumaunjikana tsiku ndi tsiku. Mu 2010 dziko la Japan linatumiza chombo cha IKAROS kulowera ku Venus, chili ndi thanga lopyapyala la mamita 14 mbali iliyonse, ndipo dzuwa linachikankhadi. Pa mayeso a MSCE lembani samu ya aphunzitsi ija, achimwene, popeza adzakufunsani za ngolo ndi mpira.