Kodi Chibuda chimaletsa munthu kulira maliro a mayi ake?

Mayi ena a ku Malawi amene amagwira ntchito ku Johannesburg anditumizira imelo yokhala ndi funso lolemera, ndipo avomera kuti ndiliyankhe pano popanda kuwatchula dzina. Akuti akhala akuphunzira kusinkhasinkha ndi kagulu kena ka Abuda kumeneko, ndipo zawathandiza pa nkhawa za tsiku ndi tsiku. Mayi awo atamwalira anapita kumudzi, koma usiku wonse wa pa siwa, azakhali ndi achemwali awo akulira mokweza, iwo anakhala duu akumeza misozi, chifukwa anamva kuti munthu wa m'njira imeneyi sayenera kukakamira chilichonse. Achibale anawaona ngati ouma mtima. Atabwerera kuntchito chisoni chinawagwetsa, ndipo tsopano akudziona kuti alephera ngati mwana komanso ngati wophunzira. Funso lawo ndi ili: "Kodi kusakakamira kumatanthauza kuti ndisiye kumva chisoni, chikondi ndi mkwiyo? Nanga chaka chamawa akamakamanga chiliza, ndipite kapena kumeneko ndi kukakamiranso?"

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya mayi anu. Kumeza misozi pa siwa si chimene Buddha anaphunzitsa, ndipo aliyense amene anakupatsani chithunzi chimenecho anakupatsani theka la nkhani. Komabe m'malemba akale a Chibuda muli mawu ena olimba pa nkhani ya chisoni, ndipo sindikubisirani, chifukwa mukadzawapeza nokha mudzaona ngati ndinangofuna kukusangalatsani.

Pa ulaliki wake woyamba ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi ku India, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, Buddha anatchula gwero la mavuto a munthu, ndipo sanati ndi chikondi kapena misozi. Anati ndi tanha, ludzu la mumtima, ndipo analigawa patatu: ludzu la zokondweretsa thupi, ludzu lofuna kukhala chinachake ndi kupitirira kukhalapo, ndi ludzu lofuna kuti zinthu zisakhalepo. Ludzu lachitatuli ndi limene anthu ambiri saliona. Aphunzitsi ambiri amalifotokoza kuti ndi mtima uja wofuna kufafaniza msanga chilichonse chowawa, woti chisoni chichoke lero lomwe, woti ndisamvenso kanthu. Ngati zili choncho, munthu amene waluma mano kuti asalire sanachoke m'ludzu ayi, wangosintha chimene akumvera ludzu. Poyamba ankafuna kuti mayi ake asamwalire, tsopano akufuna kuti mtima wake usapweteke, ndipo zonse ziwirizi ndi kukana kuti zinthu zikhale mmene zililimu.

Pali ulaliki wina waufupi wotchedwa Sallatha Sutta, umene umakamba za mivi iwiri. Buddha anati munthu wosaphunzitsidwa akamva ululu amadandaula, kudziguguda pachifuwa ndi kusokonezeka, motero amafanana ndi munthu wolasidwa muvi kenako n'kulasidwanso wachiwiri. Wophunzitsidwa naye amalasidwa, koma ndi muvi umodzi wokha. M'malembamo muvi woyamba ndi ululu wa m'thupi, ndipo aphunzitsi a masiku ano ndi amene amagwiritsanso ntchito fanizoli pa zowawa za mumtima, koma ndikuona kuti akulondola. Muvi woyamba ndi uja umakulasani Lamlungu madzulo mukatenga foni kuti muimbire mayi monga mwa chizolowezi, chala chili kale pa dzina lawo, n'kukumbukira kuti kulibe woyankha. Umenewo palibe kusinkhasinkha kumene kungauletse. Muvi wachiwiri umabwera pambuyo pake ndipo umabwera ndi mawu: ndikanatumiza ndalama ya chipatala msanga, ndikanapita pa Khirisimasi, achemwali anga sanandiuze zoona, moyo wanga watha. Pa inu pawonjezekanso mawu ena, oti munthu wosinkhasinkha sayenera kulira chonchi. Zindikirani kuti manyazi amene mukuchita ndi misozi yanu ali m'gulu la muvi wachiwiri, ndipo ndi amenewo oyenera kuwaika pansi poyamba.

Nanga munthu achite chiyani ndi zimene akumva? Satipatthana Sutta, ulaliki umene maphunziro ambiri a kusinkhasinkha masiku ano amachokerako, pa gawo lokamba za mtima umangoti munthu adziwe. Mtima ukakhala ndi chilakolako adziwe kuti uli ndi chilakolako, ukakhala ndi udani adziwe kuti uli ndi udani, ukabalalika adziwe kuti wabalalika. Munthu sangadziwe chinthu chimene wachitsekera kunja. Choncho mukakhala pansi m'mawa ndipo chisoni chabwera, musathawire ku kuyang'anira kapumidwe kanu, kumene anthu amachita posinkhasinkha, ngati pobisalira. Onani pamene chakhala m'thupi, kaya ndi pakhosi pamene pamangika, kaya ndi pachifuwa pamene palemera, kaya ndi m'maso mmene mwayamba kutentha. Nenani mumtima kuti chisoni chilipo, ndipo misozi ikatsika isiyeni itsike. Mukapitiriza kuyang'ana mudzaona kuti chimakula, chimachepa, nthawi zina chimasanduka mkwiyo, nthawi zina chimasanduka kuthokoza. Kuona kusinthasintha kumeneko ndi maso anu ndiye phunziro la kusakhalitsa kwa zinthu, ndipo wothawa chisoni saliphunzira.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa funso lanu ndi mantha oti njira imeneyi ikuchotsani umunthu. Chibuda chili ndi makhalidwe anayi a mtima amene chimafuna kuti munthu awakulitse mpaka asakhale ndi malire: metta, kufunira ena zabwino, karuna, chifundo kwa ovutika, mudita, kukondwera mnzako zikamuyendera, ndi upekkha, mtima wokhazikika. Atatu mwa anayiwa ndi kutentha kwa mtima kwenikweni, ndipo ulaliki wa Metta Sutta umati munthu akonde zamoyo zonse monga mmene mayi amatetezera mwana wake mmodzi yekhayo ndi moyo wake womwe. Chiphunzitso chonyoza chikondi cha mayi ndi mwana sichikanasankha chikondi chimenecho kukhala muyeso.

M'zaka za m'ma 400, mmonke wina dzina lake Buddhaghosa, amene ankagwira ntchito ku Anuradhapura ku Sri Lanka, analemba buku lotchedwa Visuddhimagga, ndipo mmenemo anati lililonse la makhalidwe anayiwa lili ndi mdani wakutali ndi mdani wapafupi. Mdani wakutali ndi wosavuta kumuzindikira, monga nkhanza imene imatsutsana ndi chifundo. Wapafupi ndiye woopsa chifukwa amafanana ndi khalidwe lenilenilo. Mdani wapafupi wa kufunira ena zabwino ndi chikondi chadyera, chofuna kuti munthuyo akhale wako. Mdani wapafupi wa mtima wokhazikika ndi mphwayi ya umbuli, kusakhudzidwa kwa munthu amene sakuona n'komwe zimene zikuchitika. Kunja anthu awiriwa amaoneka chimodzimodzi, onse ali phee. Kusiyana kwake n'kwakuti wokhazikika amatha kukhala pafupi ndi wolira, kumugwira dzanja ndi kumumvetsera mpaka kucha, pamene wamphwayi amafuna kutuluka m'nyumbamo. Malemba a malamulo a amonke amasimba kuti tsiku lina Buddha anapeza mmonke wodwala m'mimba atagona pa zonyansa zake, anzake atamutaya. Anatuma Ananda, mmonke amene ankamutumikira, kukatunga madzi, ndipo awiriwo anamusambitsa ndi kumugoneka pa kama. Kenako anauza amonke kuti amene akufuna kumusamalira iye asamalire odwala. Munthu wozizira mtima sachita zimenezo.

Nkhani ya Kisa Gotami mwina munaimva kale. Mwana wake mmodzi yekhayo atamwalira, anayenda ndi mtembo m'mudzi wa Savatthi kufunafuna mankhwala. Buddha sanamuuze kuti asiye kukakamira, ndipo sanamuuzenso kuti mwanayo wafa. Anamutuma kukapempha njere za mpiru kunyumba kumene sikunachitikepo maliro. Mpiru unalipo pakhomo lililonse, koma nyumba yopanda maliro sanaipeze, ndipo pomaliza anakaika yekha mwana wake. Chimene ndimaona m'nkhaniyi n'chakuti mayiyo anachira polowa m'makomo mwa anthu ndi kumva maliro awo. Azakhali anu amene ankalira pa siwa ankachita chinthu chapafupi ndi chimenecho, chifukwa pa maliro aliyense amalirako ake amene anapita kale, ndipo wofedwa amadziwa kuti sali yekha.

Tsopano mawu olimba aja. M'buku la Udana muli nkhani ya Visakha, mayi wolemera amene ankathandiza kwambiri amonke. Mdzukulu wake atamwalira anabwera kwa Buddha masana, tsitsi ndi zovala zili zonyowa. Buddha anamufunsa ngati angakonde kukhala ndi ana ndi zidzukulu zochuluka ngati anthu a mu Savatthi, iye n'kuvomera. Atamukumbutsa kuti mumzindamo simupita tsiku popanda maliro, anamuuza kuti amene ali ndi okondedwa 100 ali ndi zisoni 100, ndipo amene alibe wokondedwa alibe chisoni. Mawu amenewa ndi owawa ndipo sindikufuna kuwathira shuga. Malemba akale amanenadi kuti munthu womasuka kotheratu sagwidwanso ndi chisoni. Ngakhale pamene ophunzira ake awiri aakulu, Sariputta ndi Moggallana, anamwalira, Buddha anati msonkhano ukuoneka wopanda kanthu kwa iye, koma anawonjezera kuti mwa iye munalibe kulira ndi kudandaula.

Mmene ine ndimamvera, mawuwa akufotokoza kumene njira imathera, ndipo si lamulo loti munthu adziveke lero. Mango akapsa amathothoka okha, koma ukawathyola aawisi umangodzipaka utomoni ndipo sadyeka. Umboni wake ndi Ananda, amene anatumikira Buddha zaka 25 ndipo anamva maulaliki ambiri kuposa wina aliyense. Buddha ali pafupi kumwalira ku Kusinara ali ndi zaka 80, Ananda anapita pambali, anatsamira pakhomo n'kuyamba kulira. Buddha anatuma munthu kukamuitana. N'zoona kuti anamuuza kuti asalire, ndipo anamukumbutsa kuti tonse tidzasiyana ndi zimene timakonda. Koma sanamuchititse manyazi. Anamuyamikira chifukwa chomutumikira nthawi yaitali mwachikondi m'zochita, m'mawu ndi m'maganizo, ndipo anamutamanda pamaso pa amonke onse. Amene anasunga nkhaniyi akanatha kuchotsamo misozi ya Ananda, koma anaisiya, ndipo ndi Ananda yemweyo amene mwambo wa Chibuda umati anabwereza maulaliki pa msonkhano woyamba wa amonke ku Rajagaha, Buddha atamwalira.

Vuto limene lakugwerani ndi lodziwika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, John Welwood, katswiri wa za maganizo wa ku America amenenso anali Mbuda, anachenjeza za anthu amene amagwiritsa ntchito ziphunzitso zauzimu kulambalala mabala a mumtima amene sanapole. Si Abuda okha amene amachita zimenezi, chifukwa ngakhale m'mipingo mwathu wofedwa amatha kuuzidwa kuti kulira kwambiri ndi kuchepa chikhulupiriro. Pa za mkwiyo, umene mwautchulanso, Thich Nhat Hanh, mmonke wa ku Vietnam amene anaona nkhondo ndi maso ake ndipo anamwalira mu 2022, ankaphunzitsa kuti munthu aunyamule mkwiyo wake mmene mayi amanyamulira khanda lolira, mpaka adziwe chimene likulirira. Chimene malamulo a Chibuda amaletsa ndi kulola mkwiyo kukuyankhulirani kapena kukugwirirani ntchito. Choncho ngati mwakwiyira achemwali anu, dziwani kuti mwakwiya, koma uthenga wa pa WhatsApp umene mwalemba usiku mtima uli m'mwamba musautumize mpaka kucha.

Za chiliza, pitani. Sigalovada Sutta, ulaliki wa anthu wamba okhala m'mabanja, umatchula ntchito zisanu za mwana kwa makolo ake, ndipo mwa izo muli kusunga mwambo wa banja ndi kupereka mphatso m'dzina la makolo akamwalira. Ku Sri Lanka mabanja amapereka chakudya kwa amonke pa tsiku la 7 munthu atamwalira, pakatha miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. Ku Tibet, China, Korea ndi Japan amachita mapemphero mpaka tsiku la 49, ndipo ku Japan pa nyengo ya Obon anthu amabwerera kwawo kukasesa manda a makolo. Mukafika kumudzi khalani ndi azakhali anu, muwauze zimene zinali mumtima mwanu usiku uja, ndipo misozi ikabwera musaimeze. Ngati pakadali pano chisoni chikukulepheretsani kudya, kugona kapena kugwira ntchito kwa miyezi yambiri, kapena mukayamba kuganiza zodzivulaza, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo msanga, ndipo mumuuzenso mphunzitsi wa kagulu kanu, kuti akuthandizeni kusankha kusinkhasinkha koyenera munthu wofedwa. Ambiri pa nthawi ngati imeneyi amalangiza kuyamba ndi metta, kudzifunira zabwino inu mwini, kenako mayi anu, kenako achibale amene munasiyana nawo mosamvana.