Bwanji akutiuza kukagula mankhwala ku famase?

Achimwene, mwafunsa kuti ngati chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, bwanji adokotala akungotilembera kapepala kuti tikagule tokha mankhwala. Funso lanu landikhudza kwambiri. Chaka chatha mayi anga adagonekedwa pachipatala china, ndipo adagona pansi pa chitenje chifukwa mabedi adali atadzaza. Namwino mmodzi yekha ankayang'anira wodi yonse usiku, akuyesetsa ndi mtima wonse. Jakisoni ndidachita kukagula m'tauni.

Gwero lake ndi ndalama. Mu 2001 ku Abuja, mayiko a mu Africa adalonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma zaka zambiri ife sitifikapo. Ma ARV ndi mankhwala a malungo timadalira kwambiri abwenzi akunja monga Global Fund.

Chinanso, mankhwala ambiri Central Medical Stores Trust, bungwe lomwe limagulira mankhwala zipatala za boma, imawagula kunja ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo idayamba kugula mankhwala ochepa. Ndipo tisabise, ena amabedwa n'kukagulitsidwa m'misika pomwe odwala akudikirira pamzere kuyambira m'mamawa.