Kodi nkhondo ya ku Lebanon inali yachipembedzo kapena ya mayiko akunja?

Mmodzi wa owerenga athu watitumizira imelo yofunsa kuti: "Ndimamva kuti ku Lebanon Akhristu ndi Asilamu anamenyana zaka 15. Koma ena akuti inali nkhondo ya Syria, Israel ndi Iran, imene anangokamenyera m'dziko la eni ake. Zoona ndi ziti?"

Zikomo kwambiri pofunsa. Zonse ziwirizi zili ndi mbali yake yoona, koma gwero lenileni ndi kagawidwe ka mipando ya boma. Mukamvetsa pamenepo, muona chifukwa chake alendo sankachita kuthyola chitseko: eni nyumba ndiwo ankawatsegulira.

Lebanon ili ndi magulu achipembedzo 18 ovomerezeka ndi boma. Polandira ufulu kuchokera kwa France mu 1943, atsogoleri anagwirizana pakamwa chabe kuti pulezidenti azikhala Mkhristu wa Maronite, nduna yaikulu Msilamu wa Sunni, ndipo sipikala Msilamu wa Shia. M'Nyumba ya Malamulo, pa aphungu 11 alionse, 6 ankakhala Akhristu, 5 Asilamu. Magawowa anawatengera pa kalembera wa 1932, ndipo chichitikireni kalembera ameneyo sanawerengenso anthu mpaka lero. Asilamu, makamaka a Shia, anachuluka, koma mipando yawo sinasunthe. M'dongosolo lotere ntchito ya boma, sukulu ngakhale msewu zimadzera kwa mtsogoleri wa gulu lanu, choncho gulu likataya mpando, banja lililonse m'gululo limaona kuti lalandidwa.

Kenako panabwera zida. Pangano la Cairo la 1969 linalola asilikali a PLO, bungwe lomenyera ufulu wa anthu a ku Palestine, kukhala ndi mfuti m'misasa ya othawa kwawo ochokera ku Palestine, ndipo atathamangitsidwa ku Jordan mu 1970 ndi 1971 anasamutsira likulu lawo ku Beirut. Zipani za Akhristu zinaona kuti dziko likulandidwa, zinayamba kuphunzitsa anyamata awo nkhondo. Kamal Jumblatt, mtsogoleri wa gulu lachipembedzo la a Druze, amene ankafuna kuti magawo aja athetsedwe, anaona PLO ngati mnzake wamphamvu. Pa 13 Epulo 1975 a chipani cha Akhristu cha Kataeb anawombera basi yonyamula anthu a ku Palestine ku Ain el-Remmaneh, nkhondo n'kubuka.

Apa chipembedzo chinagwiradi ntchito yake yoipa. Chitupa cha nzika chinkasonyeza gulu la munthu, ndipo pa marodibuloko anthu ankaphedwa atangochionetsa. Mu Januwale 1976 magulu a Akhristu anapha anthu ku Karantina, ndipo patangopita masiku ochepa a ku Palestine ndi anzawo anabwezera ku Damour, tawuni ya Akhristu. Gulu lankhondo la boma nalo linagawanika. Pamenepo munthu wamba, ngakhale wosapemphera, analibenso womuteteza kupatula anyamata amfuti a gulu lake.

Tsopano onani mmene alendo analowera. Mbali imene ikugonja ndiyo imaitana wakunja, ndipo wakunjayo amabwera ndi zolinga zake. Mu Juni 1976 asilikali a Syria analowa kudzapulumutsa Akhristu kwa PLO ndi Jumblatt, chifukwa Hafez al-Assad, pulezidenti wa Syria, sankafuna Lebanon yolamulidwa ndi anthu amene iye sakanatha kuwawongolera. Pofika 1978 Syria yomweyo inali ikuphulitsa mabomba kum'mawa kwa Beirut, dera la Akhristu. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kumeneku kalumoko kanacheka amene anamuitana. Akhristu anatembenukira kwa Israel, imene inalowa mu 1978 kenako mu 1982 mpaka ku Beirut. PLO inachoka, Bashir Gemayel, mtsogoleri wa magulu amfuti a Akhristu, anasankhidwa kukhala pulezidenti n'kuphedwa pa 14 Seputembala asanalumbire, ndipo anyamata ake anapha anthu wamba m'misasa ya anthu a ku Palestine ya Sabra ndi Shatila asilikali a Israel atazinga malowo. Chaka chomwecho Iran inatumiza asilikali ake ku chigwa cha Bekaa, kum'mawa kwa Lebanon, kukaphunzitsa achinyamata a Shia, ndipo m'menemo munatuluka gulu lamfuti la Hezbollah. America ndi France anatumiza nawo asilikali osungitsa bata, koma pa 23 Okutobala 1983 mabomba anapha asilikali a America 241 ndi a France 58, onsewa n'kulongedza chaka chotsatira.

Amene amati inali nkhondo yachipembedzo chabe ayenera kufotokoza izi. Mu 1978 a Kataeb anapha Tony Frangieh, Mkhristu wa Maronite mnzawo. Kuyambira 1988 mpaka 1990 magulu amfuti a Amal ndi Hezbollah, onse a Shia, anamenyana okhaokha, Amal ikuchirikizidwa ndi Syria, Hezbollah ndi Iran. Mu 1990 Michel Aoun, mkulu wa asilikali amene ankatsogolera boma logwirizira, ndi Samir Geagea, mtsogoleri wa gulu lamfuti, onse Akhristu, anagumula madera awo omwe. Saddam Hussein wa ku Iraq, Msilamu wa Sunni, ankatumiza zida kwa Aoun pofuna kukhaulitsa Syria. Panalinso ndalama: magulu amfuti ankatolera msonkho pa madoko ndi pa marodibuloko, ena ankapindula ndi chamba cha ku Bekaa, moti kwa akuluakulu awo mtendere ukanakhala kuluza.

Nkhondoyi inatha pamene akunja anamvana. Pangano la Taif, limene anasainirana ku Saudi Arabia mu Okutobala 1989, linagawa aphungu theka ndi theka (lero alipo 128, mbali iliyonse 64) ndi kusamutsira mphamvu zambiri za pulezidenti kwa nduna. Aoun anakana, koma Syria, imene inali itagwirizana ndi America polimbana ndi Iraq, inamugwetsa pa 13 Okutobala 1990. Anthu oposa 100,000 anali atafa, ndipo pafupifupi 17,000 sakudziwika kumene ali.

Ife tikuona kuti Taif inaletsa mfuti koma inasiya gwero lija. Magulu analandidwa zida kupatula Hezbollah, ponena kuti Israel idakali kummwera, ndipo Israel itachoka mu 2000 zidazo sizinabwezedwe. Lamulo la chikhululukiro la 1991 linasandutsa akuluakulu a nkhondo kukhala nduna ndi aphungu. Nabih Berri wa Amal wakhala sipikala kuyambira 1992. Asilikali a Syria anakhalabe mpaka Epulo 2005, Rafik Hariri, yemwe kale anali nduna yaikulu, ataphedwa. Panganolo linalonjezanso kuthetsa pang'onopang'ono kugawa mipando motengera chipembedzo, koma silinaike tsiku. Choncho magulu akakanika kumvana, aliyense amadikira mnzake wakunja, ndipo mpando wa pulezidenti unakhala wopanda munthu kuyambira 2014 mpaka 2016, kenakonso kuyambira 2022 mpaka Januwale 2025.