Mafunso ndi Mayankho: Kabbalah, Kudzikonda ndi Kuyandikira kwa Mlengi

Makalata a mwezi uno achokera kuchigwa cha Shire, ndipo onse akufunsa za chiphunzitso cha Chiyuda chotchedwa Kabbalah. Tasankhapo asanu.

Funso: Ndakhala ndikuona mavidiyo pa foni a anthu ophunzitsa Kabbalah, ena atamanga kaulusi kofiira pamkono. Anzanga kumunda wa nzimbe akuti n'zausatana. Zoona zake n'ziti? — Bambo wa ku Nchalo

Yankho: Bambo, Kabbalah ndi nthambi ya chipembedzo cha Chiyuda imene imafufuza tanthauzo lobisika la mabuku a Mose: chifukwa chimene Mlengi analengera dziko, ndi mmene munthu angamuyandikire. Buku lake lalikulu, Zohar, linatulukira ku Spain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Okhulupirira amati ndi mawu a Rabbi Shimon bar Yochai wa m'zaka za m'ma 100, koma akatswiri a mbiri ambiri amaloza Moses de León, yemwe anamwalira mu 1305. Pambuyo pake m'tauni ya Safed, kumpoto kwa Israel, munakhala aphunzitsi awiri otchuka, Moses Cordovero amene anamwalira mu 1570, ndi Isaac Luria amene anamwalira mu 1572. Nkhani ya kudzikonda imene mukuimva m'mavidiyomo kawirikawiri imachokera kwa Yehuda Ashlag, amene anachoka ku Poland kupita ku Jerusalem mu 1921, anamasulira Zohar kuchoka m'Chiaramu kupita m'Chiheberi, n'kumwalira mu 1954.

Anthu amenewa anali Ayuda osunga Sabata ndi opemphera katatu patsiku, choncho kuwatcha asatana n'kuwanamizira. Chimene tiyenera kuvomereza n'chakuti kalekale panali ena ogwiritsa ntchito mayina opatulika polemba zithumwa, ndipo Luria ankaletsa ophunzira ake zimenezo. Munthu akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti akupatseni ulusi, madzi kapena dzina lachinsinsi lobweretsa chuma, ameneyo akuchita malonda. Dziwaninso kuti ichi n'chiphunzitso cha Chiyuda, ndipo sichinena za Yesu kapena Muhammad monga mmene mpingo kapena mzikiti umanenera. Mukamamvetsera muzidziwa zimenezo, ndipo pamene pakusokonezani kambiranani ndi abusa kapena ashehe anu.

Funso: Ndimagulitsa nsomba zouma ndi mapira, komanso ndili mu banki m'khonde. Ndamva kuti kufuna kulandira ndiye gwero la kudzikonda. Ndiye ndileke kufuna phindu? — Mayi wa ku Bangula

Yankho: Ayi mayi, musaleke. Apa ndi pamene ambiri amasochera. Ashlag amayambira pakuti Mlengi sasowa kanthu, ntchito yake ndi kupatsa basi. Popeza anafuna kuchitira zabwino zolengedwa zake, anaika mwa izo njala yofuna kulandira, chifukwa zabwino sizingakondweretse munthu amene sazifuna. Njala imeneyi ndi ya Mlengi mwini, ndipo sizulidwa. Arabi akale, omwe ndi aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, ananena poyera kuti pakanapanda chilakolako, palibe akanamanga nyumba, kukwatira, kubereka ana kapena kuchita malonda.

Vuto lili pa cholinga. M'chiphunzitsochi kutalikirana ndi Mlengi sikuyezedwa ndi mtunda koma ndi kusiyana kwa makhalidwe. Iye amangopatsa, ife timafuna kulandirira tokha, ndiye tili kutali. Amene wayamba kufanana naye pakhalidwe wayandikira.

Ashlag anagawa ulendowu pa masitepe anayi, ndipo onse amaoneka pamsika. Yoyamba ndi kulandira kuti ulandire basi: kuphwanya pansi pa chigoba choyezera mapira kuti chichepe, kapena kutenga ngongole mu banki m'khonde ulibe maganizo obweza. Yachiwiri ndi kupatsa kuti ulandire: kuika basera kuti wogula abwerenso mawa, kupereka chipepeso chachikulu pamaliro kuti dzina lako liwerengedwe pagulu. Mwambi wathu wakuti kupatsa n'kuika uli pa sitepe imeneyi, ndipo ambiri a ife tili pomwepo. Musainyoze. Arabi amati munthu ayambe kuchita zabwino ngakhale cholinga chisanayere, chifukwa pochitachita cholingacho chimayera. Yachitatu ndi kupatsa kuti upatse, osayembekezera ngakhale zikomo. Yachinayi, imene Ashlag amaiika pamwamba pa zonse, ndi kulandira kuti upatse.

Yachinayiyi anaifotokoza ndi fanizo la mlendo. Mwininyumba waphika zonse zimene mlendo wake amakonda. Mlendo ali ndi njala, koma manyazi amugwira poona kuti iye akungolandira, ndiye akukana. Mwininyumba akumuchonderera, mpaka mlendo azindikira kuti kukana kwake kukumupweteka mnzakeyo. Tsopano akudya, chakudya ndi chomwecho, njala ndi yomweyo, koma akudya kuti akondweretse mwininyumba. Wolandira uja wasanduka wopatsa.

Ndiye gulitsani, pezani phindu, gawanani masheya anu pakutha pa chaka. Poyesa mtima wanu gwiritsani ntchito funso limodzi: munthu amene munamuchitira zabwino akapanda kuthokoza, kapena akakagula kwa mnzanu wa benchi yoyandikana, mumamva bwanji? Ngati mtima wawawa, munali pa sitepe yachiwiri. Palibe chodziimbira mlandu, mwangodziwa pamene mwaima.

Funso: Ndine mnyamata, ndangomaliza Fomu 4. Zofotokozazo ndazimva, koma ndichite chiyani tsiku ndi tsiku? — Wowerenga wa ku Ngabu

Yankho: Achimwene, aphunzitsi a ku Safed anasiya machitidwe omveka bwino. Nthawi zimene tikutchula pano ndi malangizo athu kwa woyamba kumene.

M'mawa, musanapemphere, nenani mokweza kuti mukulandira lamulo la pa Levitiko 19:18 lokonda mnzanu monga mudzikondera nokha. Umenewu unali mwambo wa Luria. Kuti mawuwo asauluke, tchulani munthu mmodzi amene mukumana naye tsikulo, makamaka amene simugwirizana naye kwenikweni. Mphindi ziwiri zakwana.

Masana, musanalandire chinthu chokoma, kaya ndi nsima, malipiro a ganyu kapena mawu okuyamikirani, imani kaye pang'ono, thokozani, dzifunseni kuti mphamvu imeneyi mukaigwiritsira ntchito yani. Kuima kaye kumeneku n'kofunika kwambiri kwa Ashlag. Mlendo uja anayamba wakana asanadye, ndipo amene sangathe kudziletsa ngakhale kamphindi sangasinthe cholinga chake.

Pa sabata sankhani ntchito imodzi mwa zinayi zimene Talmud, buku la ziphunzitso za arabi akale, imati Mlengi mwini anachita: kuveka osavala, kuzonda odwala, kutonthoza anamfedwa, kuika maliro. Zonsezi mumazidziwa kale kumudzi. Chimene tikuwonjezera n'chakuti imodzi muichite mobisa. Katungireni madzi agogo odwala m'mamawa, siyani ndowa pakhomo, osauza munthu, osajambula, osaika pa WhatsApp.

Usiku khalani mphindi 10 mukuwerengera tsiku lanu, monga Zohar imayamikira anthu odziwerengera asanagone. Lembani m'kope zinthu ziwiri zokha: pamene munapatsa moyembekezera kanthu, ndi pamene munakwiya chifukwa ulemu wanu wakhudzidwa. Mukatero nenani kuti mwakhululukira aliyense amene wakulakwirani lero. Mawu otere ali m'pemphero la Ayuda la pogona.

Pezaninso mnzanu mmodzi. Malamulo a gulu la Cordovero ankati munthu azikambirana ndi mnzake za moyo wauzimu tsiku lililonse, ndipo Lachisanu Sabata lisanalowe aziunika naye sabata yonse. Kudzikonda kumabisala kwa mwini wake, koma mnzako amakuona msanga.

Tsopano zimene zimalakwika. Choyamba, pakapita masabata angapo mudzaona ngati mwaipiraipira, ngati dyera lachuluka kuposa kale. Ambiri amasiyira pamenepa. Simunaipe, mwangoyamba kuona zimene zinalipo, ndipo Ashlag amati kuzindikira choipa chako ndi chiyambi cha kukonzeka. Chachiwiri n'choopsa kuposa choyamba: kuyamba kuona kudzikonda mwa anthu ena onse, kudzudzula makolo, kudzimva kuti ndinu wauzimu. Talmud imati Mlengi amanena za wodzikuza kuti sangakhale naye pamodzi m'dziko. Kope lija ndi la zolakwa zanu zokha. Chachitatu ndi kudzizunza. Kusala madzi pa dzuwa la ku Ngabu mu Okutobala kungakugwetseni, koma cholinga cha mtima sichisintha nako. Chomaliza ndi kuganiza kuti mutha nokha. Chiphunzitsochi chimanenetsa kuti munthu sangasinthe chibadwa chake ndi mphamvu zake. Mbali yake ndi kuyesa moona mtima, kuphunzira mawu opatulika, ndi kupempha thandizo akafika polephera, ndipo wosintha mtima ndi Mlengi.

Mukadzayamba kupeza kanthu, muyezo wa Chiyuda wa zopereka ndi chakhumi, ndipo arabi analetsa kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu, kuopa kuti wopatsayo angasanduke wopempha. Pa matumba 10 a mapira, perekani limodzi, mukakhala owolowa manja awiri, osapitirira apo. Popereka, amayambira osauka a pabanja pako, kenako a m'mudzi mwako.

Funso: Madzi a namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola nyumba ndi mbuzi zanga. Kuyambira pamenepo ndimadalira thandizo ndi achibale. Ndimachita manyazi, ndipo ndilibe chopatsa. Kodi ine ndili kutali ndi Mlengi? — Agogo a ku Makhanga

Yankho: Pepani kwambiri agogo. Simuli kutali. Manyazi amene mukumvawo a Kabbalah amawadziwa bwino, amawatcha mkate wa manyazi, kutanthauza kuwawa kwa kudya chimene sunachigwirire ntchito. Iwo amati kuwawako kumasonyeza kuti mzimu wa munthu umafuna kufanana ndi gwero lake, lomwe ndi lopatsa. Munthu wadyera samva manyazi amenewa.

Njira yanu ndi ya mlendo tamutchula uja. Mdzukulu akabwera ndi ufa, landirani ndi manja awiri ndi nkhope yowala, mudalitseni, muuzeni kuti nsima yake inakoma. Mukakana kapena kulandira mong'ung'udza, mwamulanda chimwemwe cha kupatsa. Arabi anati zimene wosauka amachitira mwininyumba zimaposa zimene mwininyumba amachitira wosaukayo. Anatinso ngakhale amene akudalira zopereka apatseko mnzake. Kambale kamodzi ka ufa kwa mwana wamasiye n'kokwanira. Kulera ana amayi awo ali kudimba, kukhala pafupi ndi wodwala, kuyanjanitsa okangana, zonsezi ndi kupatsa ndithu.

Chimene chimatalikitsa munthu pa nthawi ya thandizo ndi china: kulembetsa kawiri, kuika mayina a anthu kulibe, kukankha wofooka pamzere. Kumeneko ndiye kulandira kuti ulandire basi.

Funso: Ng'ombe za mnansi wanga zadya chimanga changa cha kudimba kachitatu. Ngati ndikulimbana ndi kudzikonda, ndingokhala chete? — Bambo wa ku Chikwawa

Yankho: Musakhale chete, bambo. Kabbalah imaphunzitsa kuti Mlengi amadzionetsa kudzera m'makhalidwe 10 otchedwa sefirot. Pakati pa amenewa pali Chesed, kukoma mtima kosefukira, ndi Gevurah, kuika malire ndi kuweruza, ndipo awiriwa amakumana mu Tiferet, chifundo choyenda ndi choonadi. Kukoma mtima kopanda malire kumawononga. Mukangokhala chete, ana anu agona ndi njala, mnansi wanu azolowera kulakwa, ndipo inu musunga chakukhosi, chimene Levitiko 19:17-18 imaletsa. Ndime yomweyo imati umudzudzule mnzako. Eksodo 22:5 imanena mosabisa kuti amene ziweto zake zadya munda wa wina alipire.

Nkhani yagona pa kachitidwe. Musapite tsiku lomwelo mtima uli m'mwamba, pakuti Luria ankaona mkwiyo kukhala tchimo lalikulu zedi, ndipo mkwiyo ndi umene umafikitsa anthu potema ng'ombe ndi chikwanje, wolakwiridwa n'kusanduka wolipira. Itanani mboni ziwiri zione mundawo mapazi a ng'ombe asanafufutike, werengani mizere ndi mapando owonongeka, jambulani ngati foni ilipo. Kaonaneni ndi mwini ng'ombe panokha poyamba, osati pamsika kapena pamowa, chifukwa kuchititsa munthu manyazi pagulu n'koletsedwa kwambiri m'Chiyuda. Akakana, pitani kwa anyakwawa. Pemphani mtengo weniweni wa zimene zawonongeka, osawonjezera kuti amve kuwawa, ndipo mugwirizane za mawa: mbusa wamkulu m'malo mwa kamwana, njira ina yopitira kumadzi, kapena mpanda wa minga mbali imene ng'ombe zimalowera.

Cordovero, pofotokoza makhalidwe 13 a chifundo a pa Mika 7:18-20, anati Mlengi amapitiriza kupatsa moyo munthu pa nthawi yomwe munthuyo akumuchimwira, ndipo ifenso tisamane zabwino amene watilakwira. Choncho mlandu uli mkati muzimupatsabe moni mnansi wanuyo, kwawo kukagwa zovuta mukafike, ndipo akalipira nkhaniyo musadzaitchulenso, ngakhale tsiku limene mbuzi zanu zidzalowe m'munda mwake.