Musanakweze Fit yanuyo, achimwene, tamvani kaye

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 49 ku Lilongwe. Ali ndi Honda Fit yoitanitsa ku Japan, ndipo akuti imakhula pansi pa hampu iliyonse, kumudzi ku Dowa ndiye amachita kupita mtima uli m'mwamba. Anzawo ena akuwauza kuti aike ma spacer (zidutswa zoika pamwamba pa shoko kapena sipuling'i kuti galimoto ikwere), ena akuti agule ma coilover (shoko ndi sipuling'i zophatikizana, zokhala ndi ulusi wopotokola) kuti azitha kukweza ndi kutsitsa mmene afunira. Ndiye akufunsa kuti agule ziti.

Achimwene, mwandigunda pachilonda.

Galimoto yanga yoyamba inali Vitz, yotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Nthawi imeneyo ndinkachita lendi kumalo koti phula limathera kutali, ndipo mvula ikagwa msewu unkasanduka ngalande ziwiri, pakati pali mtumbira. Kutsogolo inkagunda, kumbuyo inkakhula, moti ana a pamalopo ankadziwa kuti ndabwera pongomva phokoso la ekizozi. Galaja iliyonse yomwe ndinkaima, ndisanamalize n'kufotokoza komwe, yankho linali limodzi: "Bwana, tiikweze." Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankafunsa kuti galimotoyo yatsikiranji. Mpaka ndinakafika kwa madala ena ku Biwi, munthu wosalankhula zambiri. Iwo anangotenga tepi n'kuyeza kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa bodi, mbali zonse zinayi. Kumbuyo kumanzere kunali kotsika kuposa kumanja ndi zala ziwiri. Atamasula shoko yakumbuyo anandipatsa kuti ndiikanikize ndekha. Inalowa popanda kulimbana nane, ndipo sinabwererenso. Madalawo anati, "Iyitu si yaifupi ayi. Yatopa."

Tinasintha mashoko onse anayi, masipuling'i akumbuyo ndi mabushu angapo omwe anali atang'ambika. Spacer sitinaike. Pa msewu womwewo, katundu wake yemweyo, kukhula kunachepa moti ndinkangokumva ndikanyamula anthu asanu ndi thumba la chimanga.

Zomwe madala aja ankadziwa ndi izi. Chimene chimanyamula kulemera kwa galimoto ndi sipuling'i, ndipo ndi yomwe imachititsa kuti galimoto ikhale pamwamba kapena pansi. Shoko siinyamula kanthu. Ntchito yake ndi kugwira sipuling'i kuti isamangodumphadumpha. Sipuling'i ikakalamba imafupika, galimoto n'kukhala pansi ngakhale itangoima. Shoko ikafa, galimoto itha kuoneka bwinobwino ili paki, koma matayala akangotsika pa hampu bodi yonse imagwera pansi popanda choiletsa, ndipo apo ndi pomwe mumamva khwee uja. Ndiye munthu amati galimoto yanga ndi yaifupi, chonsecho sanaionepo mmene inalili ikutuluka ku fakitale. Opanga mashoko monga KYB ndi Monroe amalangiza kuti azisinthidwa akayenda makilomita pafupifupi 80,000. Nanga magalimoto athuwa amabwera atayenda angati? Ambiri amakhala atadutsa pamenepo kalekale, mashoko ake ali omwewo oyambirira. Pa misewu yosalala ya ku Japan palibe amene amazindikira. Kenako dalaivala amaithamangitsa makilomita pafupifupi 900 kuchoka ku Dar kufika pa boda, kudutsa mahampu a ku Tanzania aja, ndipo ikamafika m'manja mwanu imakhala itamalizika.

Mlamu wanga ndiye anatenga njira inayo. Ali ndi Sienta yonyamula anthu, ndipo ndisaname, galimoto imeneyo yaphunzitsa ana ake sukulu. Koma Sienta ndi ya anthu 7, pomwe iye amakweza mmene inu ndi ine tikudziwira, kumbuyo n'kuwonjezera mbatesi ya ku Tsangano. Itayamba kukhala pansi anakaiika ma spacer ochita kusula, okhuthala ngati chibakera. Kumbuyo anaika masipuling'i ochotsa m'galimoto ina yaikulu, ndipo pakati pa mizere ya sipuling'i anapanikizamo zidutswa za tayala. Inakweradi, anthu pa siteji ankaiyamikira. Tsiku lina ndinakwera nawo tikutsetsereka ku Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, ndipo pa kona iliyonse galimoto inkapendekeka moti mayi wina anayamba kupemphera mokweza. Pokhota pang'onopang'ono inkalira kuti ga-ga-ga kutsogolo. Ameneyo anali CV joint, mfundo ya pa shafuti yomwe imazunguza tayala lakutsogolo. Mlamu wanga amasintha ma CV pafupipafupi mpaka lero, ndipo amatukwana ogulitsa sipeya kuti amamupatsa zabodza. Mwina nthawi zina amamupatsadi zabodza, koma ine ndikuti vuto lalikulu analiika yekha pamwamba pa shoko.

Galimoto zing'onozing'onozi, Fit, Vitz, Note, Demio, Sienta, zimakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo kutsogoloko zili ndi mtundu wa MacPherson, pomwe shoko ndi sipuling'i ndi chinthu chimodzi chomwe chimagwiranso tayala kuti liime mowongoka. Mukaika spacer yaikulu pamwamba pake mumakankhira tayala pansi. Shafuti yochoka ku giyabokosi imayamba kuzungulira ili chopendekera, mphira wophimba CV amapindika mopitirira n'kung'ambika, girizi n'kutuluka, fumbi n'kulowa. Ball joint, mfundo yomwe imagwira tayala kumunsi kuti lizitha kukhota, imagwira ntchito ili kumapeto kwa malire ake. Tayala limaima mopendeka n'kumadyeka mbali imodzi. Ndipo galimoto ikakwera, kulemera kwake kumakweranso, choncho mukazinda mbuzi kapena kabaza mwadzidzidzi imatenga nthawi kuti ikhazikike. Zonsezi sizioneka tsiku lomwe mukutuluka pa galaja.

Chinanso, poti yanu ndi Fit: Honda inaika thanki ya mafuta pansi pa mipando yakutsogolo, n'chifukwa chake mipando yakumbuyo imapindika bwino chonchija. Ndiye chomwe chimakhula pakati pa galimoto mukakwera mtumbira chitha kukhala pafupi ndi thanki. Nkhawa yanuyo ndi yomveka, sindikuipeputsa.

Za ma coilover

Apa ndiye sindizungulira. Pa galimoto yopitira ku ntchito, ku tchalitchi ndi ku Dowa, ma coilover ndi kutaya ndalama. Ambiri omwe makampani monga Tein ndi BC Racing amapangira galimoto ngati yanuyi cholinga chake ndi kuitsitsa ndi kuilimbitsa pa makona a msewu wosalala. Mawu oti "mutha kukweza ndi kutsitsa" amatanthauza kusankha kuti itsike pang'ono kapena kwambiri. Mukawapotokola mpaka pamwamba penipeni, nthawi zambiri mumangofika pomwe galimoto inali kale, koma tsopano ili youma gwa. Kuuma kumeneko anyamata amakukonda, amati galimoto yagwira msewu. Pa msewu wokumbika zimakhala zosiyana: tayala lomwe silikuloledwa kutsika ndi kukwera momasuka limangodumpha pamwamba pa timabampu, ndipo tayala lomwe lili m'malere silikhota komanso siligwira buleki. Mphamvu yonse ya dzenje imapita ku bodi, dashibodi n'kuyamba kulira, mano anu n'kumaombana. Tiyerekeze mwapirira zonsezo. Ulusi womwe mumapotokolawo uli panja, pomwe pamafika matope onse, ndipo ikadutsa nyengo imodzi ya dzinja umagwirana moti sipanala siithandizanso. Awo otchipa opanda dzina omwe amatsatsidwa pa Facebook ndiye sindifuna n'kuwatchula komwe.

Ndipo amene amaika ma coilover ndi yemweyo amaikanso marimu a mainchesi 17 okhala ndi tayala lopyapyala. Tayala nalonso limameza mabampu, mpweya uli m'katimo umagwira ntchito shoko isanayambe. Mukauchepetsa, dzenje loyamba limapinda rimu. Ine ndikaona Fit ya marimu otero itaima m'mbali mwa M1, mwini wake atagwira m'chiuno, chisoni chimandivuta kupeza.

Ndikudziwa kuti sipeya wakwera mtengo, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo n'chifukwa chake mashoko ogwiritsidwa kale ntchito, ongopakidwa penti yakuda, akuyenda malonda. Ena amabwera m'bokosi lolembedwa bwino KYB koma mtengo wake theka la weniweni. Shoko ya gasi yatsopano mukaikanikiza imalimba, ndipo mukaisiya imatuluka yokha pang'onopang'ono. Yesani muli m'shopu momwemo, musanalipire. Wogulitsa akakana kuti mutsegule bokosi, tulukani.

Tsono chitani chonchi. Yezani mbali zinayi zija galimoto ili pamalo osalala, yopanda katundu. Yang'anani ngati mashoko akudontha mafuta, ndipo makaniko aone mabushu, ma stabilizer link ndi ma ball joint. Gulani mashoko a gasi a muyezo wa galimoto yanu, monga KYB Excel-G, Monroe kapena Gabriel wa ku South Africa, ndipo musinthe awiriawiri, osati imodzi. Sipuling'i yofupika isinthidwe ndi ya Fit yomweyo. Ngati tayala lanu lalembedwa 175/65R14, la 175/70R14 limakweza galimoto yonse ndi mamilimita pafupifupi 9, bola muone kuti silikukhudza bodi mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo mudziwe kuti sipidomita idzaonetsa liwiro locheperako ndi 3 peresenti, apolisi apamsewu sadzamva zimenezo. Mukayenda mwezi ikadali kukhula, apo ikani spacer yopangidwira Fit, yosapitirira mamilimita 20, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kenako mukapangitse alayimenti tsiku lomwelo.