Thadzi la budgie silikudyetsa ana, kodi ndingawapereke kwa thadzi lina?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene anayamba kuweta ma budgie, timbalame ting'onoting'ono ta mtundu wa zinkhwe, chaka chatha. Ali ndi mathadzi awiri, lililonse ndi tambala wake m'khola lakelake. Thadzi laling'ono, lomwe aka n'koyamba kuikira, linaikira mazira anayi. Loyamba litaswa, kamwanako kanafa tsiku lachiwiri kukhosi kulibe kanthu. Thadzi lalikulu lili ndi ana atatu, wamkulu wa masiku 8, wotsiriza wa masiku 4. Akufunsa kuti dzira lachiwiri likaswa, kodi angatenge kamwanako n'kukapatsa thadzi lalikulu? Nanga silikapha likamva fungo la manja awo?

Mayi, ndinakuyankhani kale mwachidule usiku womwewo, poti kamwana kanjala sikadikira kuti kuche. Pano ndifotokoze bwinobwino.

Za fungozo, mtima m'malo. Tonse tinakula tikuopsezedwa kuti ukagwira mwana wa mbalame make amuthawa, koma ine ndagwira ana a budgie osawerengeka ndipo palibe thadzi lomwe linanyanyala chifukwa cha zala zanga. Thadzi siliwerenganso ana ake. Kumudzi timaika mazira a nkhanga pansi pa nkhuku, iyo n'kufungatira mpaka kuswa popanda kufunsa kuti mwini wake ndani. Budgie nayo ndi chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa nkhanga akangouma amayamba kujompha yekha, pamene wa budgie amabadwa wopanda nthenga, maso otseka, mutu womwe osatha kuudzutsa. Make amachita kumugoneka chagada n'kumamulavulira chakudya m'kamwa. Choncho funso lenileni si lakuti thadzi limulandira kapena ayi, koma lakuti thadzilo lili ndi chakudya choyenera msinkhu wake panthawiyo.

Masiku oyambirira thadzi limapereka chakudya chamadzimadzi, choyererapo, chomwe oweta amachitcha crop milk, chofananako ndi chimene nkhunda zimapatsa maunda. Ana akamakula, chakudyacho chimayamba kulimba mpaka kukhala njere zofewa. Mukatenga kamwana ka tsiku limodzi n'kukapatsa thadzi lomwe mwana wake wotsiriza ali ndi milungu iwiri, kadzalandira njere zomwe sikangagaye, kapenanso akuluakuluwo adzakaponda. Thadzi lanu lalikulu lili ndi mwana wa masiku 4, ndiye lidakali m'nyengo yabwino. Perekani.

Mwina mukuda nkhawa poona kuti wa masiku 8 uja ndi chimphona pafupi ndi kakhandako. Mbalamezi zinazolowera zimenezo. Kwawo ndi ku Australia, kumadera ouma a m'kati mwa dzikolo, komwe zimaswera m'mphako za mitengo ya bulugamu mvula ikagwa. Zinafika ku England m'chaka cha 1840 ndi John Gould, koma kaikiridwe kake sikanasinthe: dzira limodzi lero, mawa kupuma, mkuja lina. Thadzi limayamba kufungatira lisanamalize kuikira, ndipo dzira lililonse limatenga masiku pafupifupi 18. Ndiye ana amaswanso modumphitsa tsiku, moti m'chisa cha ana asanu woyamba amaposa wotsiriza ndi masiku 8. Thadzi lodziwa ntchito limafufuza kakang'onoko pansi pa anzake n'kukadyetsa.

Kasamutseni m'mawa kuti mukhale ndi tsiku lonse loyang'anira. Sambani m'manja, muwatenthetse pang'ono, makamaka miyezi yozizira ya June ndi July, pamene ku Zomba kumachita chisanu chosaseka nacho. Gogodani bokosi lomwe muli chisa kuti thadzi lituluke lokha, musalikoke. Ikani kamwanako pakati pa anzake kuti kafunde, tsekani, chokanipo. Pakatha maola awiri kapena atatu tsegulani muone chithokomiro. Khungu la kamwana kotere ndi lopyapyala moti chilichonse chimaonekera: kakadya, m'munsi mwa khosi mumaona kachotupa koyera mwachikasu, kochepa ngati njere ya mapira. Kachotupa kameneko ndiko yankho lanu. Mukapeza pali pwapwalala, kamwanako kakuzizira ndiponso kulira kwachepa, ndiye kuti zakanika.

Thadzi laling'onolo musafulumire kulitaya. Nthawi zambiri thadzi loyamba kumene silikhala lankhanza, limangokhala mbuli. Kamwana kobadwa kumene kamalira motsitsa kwambiri, ndipo ilo limangokafungatira ngati dzira. Njira yomwe oweta akale amagwiritsa ntchito ndi yosinthanitsa: kakhanda kapite kwa thadzi lalikulu, ndipo mwana wa masiku 4 uja abwere kwa laling'ono. Ameneyu amalira mokweza, amadzigwedeza, amavutitsa mpaka thadzi lizindikire chochita. Likangomudyetsa kamodzi, mazira otsalawo akamaswa limakhala litaphunzira. Koma naye muzimuona chithokomiro, ndipo akafika masana asanadye m'bwezereni kwa make.

Kunena zoona, ine ndimakonda kusamutsa mazira kusiyana ndi ana, chifukwa kamwana kamaswera komweko n'kulandira chakudya choyamba pa nthawi yake. Lembani tsiku loikira pa dzira lililonse ndi pensulo yofewa. Likatha masiku 6 kapena 7 likufungatiridwa, liunikeni ndi tochi ya foni m'chipinda chamdima: lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira ngati ukonde wa kangaude, lopanda mwana limangowala mbee. Thadzi lomwe mazira ake onse ndi opanda ana ndilo mlezi wabwino koposa, bola linayamba kufungatira masiku oyandikana ndi a dzira mukulipatsalo.

Pomwe pali ngozi yeniyeni ndi pa ana akuluakulu. Ndinaphunzira movutikira. Ndinali ndi mwana wachikasu wa milungu itatu amene make anayamba kumuzula nthenga, ndiye ndinamuika m'chisa cha ana obiriwira a msinkhu womwewo, n'kupita kuntchito mtima uli phee. Pobwera madzulo ndinamupeza wakankhidwira pakona ya bokosi, mutu uli magazi okhaokha. Anachira, koma pamutupo nthenga sizinamerenso. Mwana wamaliseche thadzi limamutenga ngati wake, koma wa nthenga zake kale limamuona ngati mlendo wolowerera chisa. Mwana wofika msinkhu umenewo, chotsani make m'kholamo, musiye tambala amalize kulera. Atambala ambiri amadyetsa bwino mpaka ana atatuluka m'bokosi pa masiku 30 mpaka 35, n'kuyamba kusenda njere okha cha m'ma milungu isanu ndi umodzi.

Musadzazenso thadzi limodzi. Ana anayi ndi abwino, asanu ndiye polekezera. Ndipo mwana wochokera m'chisa chomwe anzake akufa mosadziwika bwino, kapena akuthothoka nthenga za m'mapiko, asapite kwina kulikonse, mungafalitse matenda makola onse.

Mwina mwaganizapo zokadyetsa nokha ndi sirinji. N'zotheka, koma kwa kamwana ka tsiku limodzi ndi ntchito yosagona tulo: maola awiri aliwonse, usiku womwe, pamalo ofunda madigiri pafupifupi 35, chakudya chake chogula chopangira ana a zinkhwe. Magetsi akathima maola angapo, mwakataya. Phala la mgaiwa kapena mkaka wa ng'ombe musayese n'komwe.

Simunandiuze zaka za thadzi laling'onolo. Ngati silinakwane chaka, likamaliza ulendo uno chotsani bokosi lipume miyezi ingapo. Ngakhale lalikululo lisapitirire maulendo awiri otsatizana. Pa nthawi yolera onse apatseni dzira lowiritsa lophwanya, masamba otsuka bwino, ndi cuttlebone (chigoba choyera cha kanyama kena ka m'nyanja yamchere) kapena zigoba za mazira zowiritsa zosinja, kuwonjezera pa njere zawo. Mapeyala ayi, ndi poizoni kwa mbalamezi.

Musanasamutse kamwanako, kapakeni kadontho ka utoto wa zakudya pamwendo, muzibwereza masiku angapo aliwonse chifukwa umafufutika, ndipo lembani m'kope kuti kachokera kwa yani. Ana akamera nthenga amafanana kwambiri, ndipo chaka chamawa mungakwatitse mlongo ndi mlongo wake mukuyesa ndi a zisa zosiyana.